Deki yojambula pa DVD: ndemanga yanga patatha miyezi 8

Chomwe chinandichititsa kugula deki imeneyi ndi katoni ya matepi a VHS 43 yomwe inakhala zaka zambiri pamwamba pa kabati. Ambiri ndi a pabanja pathu: ukwati wa achemwali anga, ana akuyamba kuyenda, komanso tepi imodzi yomwe malemu bambo anga akulankhula kwa mphindi 20 atakhala pampando wawo. Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinaona timadontho toyera mkati mwa kagalasi ka tepi ina. Inali nkhungu. Usiku umenewo tulo sindinatione bwino. Ndinkafuna makina oti ndisamutsire zonsezi pa zimbale popanda kulimbana ndi kompyuta, ndipo ndinapeza deki yoti inagwirapo kale ntchito, yokhala ndi hard disk (chosungiramo makanema) ya 160 GB mkati mwake. Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Kulumikiza kwake n'kosavuta. Mawaya atatu aja, yachikasu ya zithunzi, yofiira ndi yoyera za mawu, amachoka kumbuyo kwa deki ya matepi n'kulowa mu iyi. Uku mwadina kuti tepi iyambe, uku mwadina kuti ijambule, basi. Koma konzekerani kudikira, chifukwa palibe chidule. Tepi ya E-180 ndi maola 3, ndipo kuisamutsa kumatenganso maola 3 omwewo. Ine ntchitoyi inandidyera madzulo a miyezi iwiri.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba, ndipo ndikufuna mumvetse kuti inu musagwere m'mbuna yomweyo. Chimbale cha DVD wamba chimanyamula 4.7 GB, ndipo dekiyi imakufunsani kuti mukufuna kulongedzamo maola angati: XP ndi ola limodzi, SP maola 2, LP maola 4, EP maola 6. Ine ndinaganiza kuti poti zithunzi za VHS n'zosaoneka bwino kale, EP ikwanira, zimbale zisathe msanga. Nditaonera zomwe zinatuluka ndinakhumudwa. Pamene anthu akuvina pa ukwati, nkhope zawo zinkasweka kukhala timabokosi, diresi la achemwali n'kumaoneka ngati lapakidwa phala. Chifukwa chake ndi ichi: makinawa amapanikiza kanema m'njira ya MPEG-2, yomwe imasunga malo posalemba mobwereza zinthu zomwe sizikusuntha. Tsono chithunzi cha tepi chimakhala ndi timchenga tonyezimira paliponse, ndipo makina amatitenga ngati zinthu zoyenda, n'kumawononga malo potilemba m'malo mosamala nkhope za anthu. Tepi yakale imafuna malo ambiri, osati ochepa. Ndinayambiranso pa SP, ndipo kusiyana kwake ndi tepi yeniyeniyo maso anga sakukuona. Tepi ya maola 3 ndimaigawa pa zimbale ziwiri.

Kugawako ndi kumene hard disk imaonetsera phindu lake. Ndimayamba ndajambulira tepi yonse mkati mwa deki, kenako ndi rimoti ndimadula malo opanda kanthu, pomwe wojambula anaiwala kuzimitsa kamera n'kumajambula nsapato zake, ndimagawa zigawo, ndiyeno n'kutumiza pa chimbale mofulumira m'mphindi zochepa chabe. Ndikafuna chimbale chachiwiri cha m'bale wina sindiseweranso tepi. Ngati muli ndi mwayi wosankha, musatenge deki yopanda hard disk. Ulendo umodzi wokha womwe ndinajambula mwachindunji pa DVD-R magetsi anazima pakati, ndipo chimbalecho chinangotayika.

Musayembekezere kuti zithunzi zikongola kuposa mmene zilili pa tepi. VHS imaonetsa mizere pafupifupi 240 yokha, ndipo ngakhale DVD ya PAL (mtundu wa chithunzi cha TV womwe timagwiritsa ntchito kuno) ili ndi timadontho 720 m'mbali ndi 576 chotsika, singapange chomwe kamera sinagwire. Chomwe ndaona n'chakuti kunjenjemera kwa pamwamba pa chithunzi kumachepa pa matepi ena. Pomwe tepi inakwinyika, dekiyi imaonetsa buluu kwa kamphindi n'kupitiriza. Chinanso, musanadine kujambula konzani kaye tracking (chowongolera chithunzi) pa deki ya matepi mpaka mizere yoyera ya m'munsi ichoke, popeza ikalowa pa chimbale yalowa mpaka kalekale.

Tepi ya bambo ndinaisiya komalizira, nditazolowera makina. Amayamba kulankhula patadutsa ola limodzi ndi mphindi 12, ndipo kale kuti ndifike pamenepo ndinkathamangitsa tepi, kuimitsa, kubwezanso, mtima uli m'mwamba kuopa kuti deki iitafuna. Pano ndinaika chizindikiro pamalo enieniwo. Ndikadina kamodzi, ndi awo akukonza kolala ya malaya awo, akutsokomola pang'ono, n'kuyamba kutchula mayina athu mmodzimmodzi. Ndawaonera kambirimbiri ndipo palibe chomwe chikuperepeseka, chifukwa chimbale chimawerengedwa ndi kuwala, sichikhudzidwa ndi mutu wozungulira wa mu deki ngati tepi. Pa ichi chokha ndalama yanga inabwerera.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha nkhani ya finalize, kutanthauza kutseka chimbale. Ndinapatsa achemwali chimbale cha ukwati wawo, iwo n'kuitana ana kuti aonere, koma deki yawo inangolemba kuti mulibe chimbale. Anandiimbira foni mawu ali ofooka, akuganiza kuti zonse zafufutika. Vuto linali lakuti chimbale cha DVD-R chikajambulidwa chimayenera kutsekedwa, kuti makina alembemo mndandanda womwe madeki ena amawerenga. Chisanatsekedwe chimasewera mu deki yomwe inachijambula yokha. Makinawa sakukumbutsani potulutsa chimbale, ndipo m'kabuku ka malangizo nkhaniyi ili kumapeto kwenikweni. Taganizani munthu wajambula zimbale 50 osatseka, kenako deki n'kufa. Chinthu chofunika chotere chinayenera kumaonekera pa TV nthawi iliyonse.

Mitundu ya zimbale nayo imasokoneza, chifukwa makampani sanagwirizane pachiyambi: ena anatsata DVD-R ndi DVD-RW, ena DVD+R ndi DVD+RW, ndipo palinso DVD-RAM. Za pabanja ndimagwiritsa ntchito DVD-R m'njira yojambulira yotchedwa Video mode, popeza ndi yomwe yasewera paliponse pomwe ndayesa. Njira ina, VR mode, imalola kudula ndi kufufuta pa chimbale chofufutika, koma madeki ambiri akale amaikana. Kulemba mitu ya makanema ndi rimoti n'kotopetsa, chilembo chimodzichimodzi. Matepi a mafilimu ogula ambiri sajambulika chifukwa ali ndi chitetezo cha Macrovision, ndipo limeneli si vuto la deki yanga yokha.

Pojambula mapulogalamu a pa TV, tepi yasiyidwa kutali. Palibe kubweza, palibe kufufuza tepi yopanda kanthu mpira utayamba kale, ndipo mutha kuyamba kuonera chiyambi uku ikujambulabe kumapeto. Chovuta n'chakuti yanga inapangidwira mawayilesi a analogi, choncho ndimadutsira pa dikoda, ndipo imangojambula tchanelo chomwe dikodayo yasiyidwapo. Za HD iwalani, sijambula.

Kodi yalowadi m'malo mwa tepi? Poonera, inde, ndi mtima wonse. Posunga, ndili ndi mantha pang'ono. Chimbale chojambula kunyumba chimalembedwa pa utoto wopyapyala womwe umaonongeka ndi dzuwa ndi kutentha. Tepi ikamakalamba imafooka pang'onopang'ono koma mumaonabe kanthu, pomwe chimbale chimatha kungokana tsiku limodzi. N'chifukwa chake tepi iliyonse yofunika ndaijambula pa zimbale ziwiri zosungidwa m'nyumba zosiyana, ndakoperanso foda ya makanema, yotchedwa VIDEO_TS, ya chimbale chilichonse pa kompyuta, ndipo matepi enieniwo sindinataye ngakhale imodzi.

Amene muli ndi katoni ngati yanga, musazengereze. JVC inatulutsa VHS mu 1976, ndipo Funai, kampani yomaliza kupanga madeki a matepi, inasiya mu 2016. Madeki ojambula pa DVD, omwe Pioneer inayamba kugulitsa mu 1999, nawonso akusowa, moti ambiri mupeza ndi ogwiritsidwapo kale ntchito. Musanapereke ndalama, pitani ndi chimbale chanu chopanda kanthu, mujambule mphindi 10, muchitseke, n'kuchiyesa mu deki ina, chifukwa diso la laser likatopa limatha kuwerenga koma kulephera kulemba. Onetsetsaninso kuti rimoti yake yeniyeni ilipo, popeza pa yanga finalize simungaipeze pa mabatani a kutsogolo. Ine kwanditsalira matepi 4 omwe ndinawapeza ndi nkhungu, omwe sindinawalowetse mu deki kuopa kudetsa mitu yake, ndipo ndikufunafuna munthu wodziwa kuwatsuka.