Honda Dio ya two-stroke patapita miyezi: oyilo wolowerera mu injini ndi ndalama zimene zinapita

Mnzanga wina wa kuntchito wandifunsa ngati angagule sikuta yonga yanga, ndipo poti yankho lake silikwana m'mawu awiri, ndaganiza zolemba bwinobwino zimene ndaona chiigulireni chaka chatha. Ndi Honda Dio ya mtundu wa AF27, ya injini ya 49cc ya two-stroke (injini yowotcha oyilo pamodzi ndi petulo), imodzi mwa zija zinkapangidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1990, ndipo ndinaigula kwa bambo wina wa mu Blantyre momwe muno amene amaitanitsa njinga zakale kudzera ku Dar es Salaam.

Zabwino zake sizifuna mawu ambiri. Simamwa petulo wambiri, zomwe zimandipulumutsa masiku amene mafuta asowa ndipo mizere yatalika. Ndi yopepuka, ilibe magiya osintha, mabuleki ake amagwira, ndipo ngakhale imafooka pachitunda mukakwera awiri, munthu mmodzi imafika naye popanda dandaulo.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi oyilo. Ndikamayenda nayo tsiku ndi tsiku inkalira bwino, koma ikangokhala masiku angapo osayenda, kuiliza kunkakhala ntchito yotulutsa thukuta. Kiki inkalemera poponda, injini ikati yalira inkafuka utsi wochindikala wobiriwira mpaka a nyumba yoyandikana nafe kutseka mawindo, ndipo kukamwa kwa ekizozi kunkadontha oyilo wakuda. Pulagi ndikaimasula inkatuluka yonyowa ndi yonanda, ndipo oyilo wa mu thanki yake ankatsika ngakhale sabata imene njinga yangokhala pakhonde.

Makaniko woyamba amene ndinamupeza anangoona utsiwo n'kunena kuti, "Achimwene, apa seal ya crankshaft yatha, injini ikukoka oyilo wa mu giyabokosi, tiyenera kuiphwasula yonse." Mawu amenewa akanakhala omveka pa Yamaha DT125 kapena pa Vespa zakale, chifukwa pa njinga zimenezo mbali imodzi ya crankshaft, chitsulo chimene pisitoni imazunguza m'kati mwa injini, imayang'anizana ndi oyilo wa giya, ndipo seal, kamphira kotseka pamenepo, ikatha oyiloyo amayamwidwadi n'kukapsa pamodzi ndi petulo. Koma pa sikuta yoyendera lamba ngati Dio, oyilo wa giya amakhala m'kabokosi kakekake kufupi ndi tayala la kumbuyo, ndipo mbali zonse ziwiri za crankshaft n'zouma. Seal ikatha pamenepo injini imakoka mpweya, imatentha ndi kulira mosakhazikika, koma oyilo ilibe koti n'kumutenga. Ndinakana kuti aiphwasule, ndipo mpaka lero ndimathokoza kuti ndinakana.

Amene anapeza gwero la vutoli ndi bambo wina wachikulire wa ku Ndirande, amene sanafulumire kugwira sipanala. Anayamba wandifotokozera kuti thanki ya oyilo imakhala pamwamba pa injini, ndipo chimene chimaletsa oyiloyo kutsika yekha njinga ikaima ndi kapampu kakang'ono kamene kamazunguliridwa ndi crankshaft. Kenaka anazula kapaipi kochokera pa pampuyo kupita polowera mafuta mu injini, n'kulowetsa nsonga yake m'kabotolo koyera, n'kundiuza kuti ndibwere m'mawa mwake. Nditabwerako, pansi pa kabotoloko panali oyilo woonekeratu, chikhalirecho injini inali isanalire usiku wonse. Atachotsa pampuyo tinapezanso kuti tsinde lake, limene limalowa mu crankcase, chipinda cha pansi pa injini mmene crankshaft imazungulira, linali lonyowa kwambiri, kusonyeza kuti oyilo ankadutsanso pamenepo. Dontho ndi dontho oyiloyo ankadzikundikira pansi pa crankcase, ndiye poponda kiki ankakankhidwira mu silinda nthawi imodzi n'kumiza pulagi. Bamboyo anayang'ananso waya wa pampu, umene umayenda limodzi ndi wa moto wowonjezera liwiro, kuti aone ngati zizindikiro zake zinali zolunjikana, popeza waya wokokedwa mopitirira nawonso umachulukitsa utsi, koma uwo unali bwino.

Anthu angapo anandilangiza kuti ndingoichotsa pampuyo n'kumasakaniza ndekha oyilo ndi petulo, mamililita 20 pa lita iliyonse kuti zikhale 50:1. Njirayi imagwira ntchito, koma sindinaifune, chifukwa tsiku limene munthu wathira petulo mothamanga n'kuiwala oyilo, pisitoni imagwira ndipo injini yathera pomwepo. Ndinasankha kugula pampu ina, ndipo apa m'pamene thumba linalira. Mu Blantyre sinapezeke, moti ndinachita kutuma munthu wopita ku Dar es Salaam, ndipo aliyense akudziwa mmene masipeya ochokera kunja akwerera chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Kuimanga sikunatenge nthawi, koma bamboyo anasamala zinthu zimene ena amazidumpha. Anaika O-ring yatsopano, kamphira kozungulira koletsa oyilo kudutsa, pa tsinde la pampu, anasintha timapaipi tonse tiwiri chifukwa tinali titauma, ndipo anaonetsetsa kuti mpweya wonse watuluka m'timapaipimo asanailize, popeza pampu ikamakoka mpweya injini imayenda youma mwini wake asakudziwa. Oyilo wotsalira mu crankcase anamutulutsa poponda kiki mobwerezabwereza pulagi atachotsa, ataphimba bowo ndi kansalu, ndipo ekizozi anaiwotcha kuti mwaye wamafuta umene unaundana m'kati uchoke. Thanki yoyamba ya petulo anaisakaniza ndi oyilo pang'ono podziteteza. Kuyambira pamenepo ndimathira oyilo wa two-stroke wolembedwa JASO FC, chizindikiro cha oyilo wosafuka utsi wambiri, ndipo ngakhale njinga itakhala sabata yathunthu imalira mosavuta, utsi wake ndi wochepa, pulagi ndi youma yofiirira.

M'mawa umene yalira msanga ndimaikonda njinga imeneyi ndipo ndimaona kuti ndinagula bwino, pakuti pampu yogwira ntchito zaka pafupifupi 30 ili ndi chifukwa chotopera ndipo opanga sindiwaimba mlandu. Koma ndikawerengera mapulagi amene ndinataya, oyilo amene anangopsa pachabe, pampu, mayendedwe ake ndi malipiro a amakaniko, mtima umandiwawa, chifukwa zonsezi zikaphatikizidwa pa mtengo wogulira, kutchipa kumene ndinakutsatira kuja kumachepa kwambiri. Chondipweteka koposa ndi wogulitsayo. Tsiku logula ndinapeza injini ili yotentha kale, ndipo tsopano ndikumvetsa chifukwa chake, popeza vuto lotere limabisala njinga ikangolira kamphindi. Anandilonjeza pakamwa kuti chilichonse chikavuta m'miyezi yoyambirira adzakonza, koma nditabwerera anandiyankha kuti, "Bwana, two-stroke iliyonse imafuka." Nditamuonetsa pampu yakaleyo anavomera kulipira theka la mtengo wa yatsopano, ndipo kuchokera tsiku limenelo foni yanga sayankha. Njingayo ndiisunga ndipo ndipitiriza kuyenda nayo, koma kwa bambo ameneyo sindidzagulanso kanthu mpaka atandipatsa ndalama zimene analonjeza.