Rauta ya 4G ija yakwanitsa miyezi 10, nazi zomwe ndaona kuno ku Thondwe

Mu Malichi chaka chatha ndinalemba kuti ndagula karauta ka 4G koika SIM mkati, ndinakagula ku Limbe kwa anyamata ogulitsa zamagetsi aja, ndipo nthawi imeneyo ndinakayamikira kwambiri chifukwa ndinali nditangokhala nako sabata imodzi yokha. Ena munandiuza kuti achimwene dikirani kaye mvula igwe mudzatiuzenso. Ndiye mvulayo yagwa, ino ndi Januwale 2025, ndabwera kudzanena zonse, zabwino ndi zowawa zomwe.

Kwa amene simunawerenge poyamba paja, ine ndili ndi kashopu pa Thondwe, mumsewu wochoka ku Zomba kupita ku Blantyre, timapanga fotokope, kutaipa makalata, kupulinta zithunzi, komanso kuthandiza ana omwe akhoza MSCE kulembetsa ku NCHE akamafuna malo ku yunivesite. Ndiye intaneti kwa ine ndi khasu, ikafa ndiye kuti tsiku limenelo kunyumba kulibe ndiwo. Ndisanagule rauta ndinkadalira hotspot ya pa foni ndipo chinkandiwawa chinali chakuti munthu akangondiimbira, intaneti pa kompyuta inkaima, fomu ya mwana wa eni ake ili pakatikati, kholo lake laima apo likundiyang'ana. Ndinadzamva mochedwa kuti foni yopanda VoLTE, njira yoimbira foni pa 4G pomwepo, ikamalandira kolo imatsika kaye kuchoka pa 4G kupita pa 3G kapena 2G, ikamaliza ndiye ikwerenso. Vuto limeneli rauta inalithetsa tsiku loyamba lomwe ndipo mpaka lero silinabwerere, pamenepa pokha ndalama yanga inabwera.

Koma patangotha mwezi umodzi ndinayamba kudandaula. Timizere ta netiweki pa rautapo tinkayaka titatu, nthawi zina tinayi, koma kutumiza fayilo imodzi ya PDF kunkatenga nthawi yoti mpaka kasitomala apite kukagula mandasi abwere apeze ikuzungulirabe. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe kukafuna kubweza katunduyo. Mnyamata uja anandilandira bwino ndithu, anaiyatsa pompo, inathamanga ngati mphepo, nkundiuza kuti "bwana, rautayi ilibe vuto, kwanuko mwaiika pati?" Ndinati pa tebulo pafupi ndi pulinta. Anati "nyumba yamalata?" Ndinati eya. Anangoti "ndiye ndi pamenepo bwana, musamaone timizere, muzilowa mkati muziona manambala."

Apa ndi pomwe ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa ndi chinthu chomwe chinasintha zonse ndipo anthu ambiri sitikuchidziwa. Pansi pa rauta pamakhala kapepala kolembedwa adilesi yake, yanga ndi 192.168.0.1, mukailemba pa browser ndi kulowa ndi pasiwedi mumapeza tsamba loonetsa band yomwe mwalumikizika nayo komanso nambala ina yotchedwa RSRP. Nambalayi imakhala ya minus, ndipo ikamayandikira ku ziro ndiye kuti sigino ili ndi mphamvu, -80 ndi yabwino kwambiri, ikadutsa -110 ndiye kuti mukupemphetsa. Yanga pa tebulo paja inali -112. Nditaisuntha kuika pa windo loyang'ana komwe kuli nsanja ya netiweki inafika -99, mamita atatu okha kusuntha kwake, timizere tili tomwe tija titatu koma kathamangidwe kosiyana kutalitali. Ndinazungulira nayo nyumba yonse ngati munthu wofufuza khoswe, mwana wanga atagwira foni akundiwerengera manambala, mpaka tinapeza kuti ngakhale kutembenuza rauta yokha pa windo lomwelo kumasintha nambala.

Nanga band ndi chiyani? Kampani iliyonse ya mafoni imapatsidwa ndi MACRA gawo lake la mafunde a mumlengalenga loti izigwiritsa ntchito, ndipo magawowa amawerengedwa mu MHz. Kuno 2G imayenda pa 900 ndi 1800, 3G pa 2100, ndipo 4G yomwe rauta yanga imagwira nthawi zonse ndi Band 3, yomwe ndi 1800 MHz, band imeneyi ndi yomwe yafala kwambiri mu Africa muno, ku Ulaya ndi ku Asia. Nambala ya MHz ikakhala yotsika mafunde amapita patali ndipo amalowa bwino m'nyumba, ikakhala yokwera amathera pafupi ndipo khoma kapena phiri limawatchinga msanga. Zili ngati ng'oma ndi likhweru, ng'oma ya kudambwe imamveka mpaka mudzi wa kuseri kwa phiri koma likhweru limathera pa dimba pomwepa. N'chifukwa chake kumudzi kwathu foni yamabatani imaimba bwinobwino pamalo pomwe WhatsApp ikukana, kuimbako kukuyenda pa 900. Palinso Band 20, ya 800 MHz, yomwe maiko ambiri anaipeza atasamutsa wailesi yakanema kuchoka ku analogi kupita ku dijito, ndipo rauta yanga pa bokosi palembedwa kuti imagwira 1, 3, 7, 8, 20 ndi 40. Ine ndimati mukamagula rauta kapena foni, tembenuzani bokosi muwerenge manambala amenewa, ngati palibe 3 musiyeni mwini wake katunduyo, ndipo ikakhala ndi 8 ndi 20 ndi bwinonso chifukwa makampani akamakonza nsanja zawo simudzafunika kugulanso ina.

Nkhani ya bokosiyi inatigwera pakhomo pomwe. Alamu anga omwe ali ku Indiana anatumizira mayi akunyumba foni yooneka bwino kwabasi, yatsopano, ya mtundu wotchipa uja amagulitsa ndi makampani a mafoni a komweko. Titaitsegulitsa kwa okonza mafoni ku Zomba, inalandira SIM, kuimba ikuimba, koma pamwamba pamangobwera E, kutanthauza 2G, 4G osaioneka ngakhale titaima pansi pa nsanja penipeni. Titafufuza tinapeza kuti inapangidwira ma band aku America, 2, 4, 12, 13, 66 ndi ena otero, Band 3 mulibe. Palibe wokonza mafoni angaikemo band yomwe kufakitale sanaikemo, ndiye musawononge ndalama kumapita nayo uku ndi uku. Chomwe chinaipulumutsa foniyo ndi rauta yomweyi, pakhomo imayenda pa Wi-Fi bwinobwino, akatuluka amangoimbira basi. Abale omwe muli kunja, musanatumize foni funsani kaye za ma band, komanso dziwani kuti ma iPhone ogulitsidwa ku America kuyambira iPhone 14 ya 2022 alibe poika SIM ya khadi, ndi eSIM yokha, ndiye wolandirayo afunse kaye ku ofesi ya kampani yake ngati angamuikire.

Mu Juni ndinagula eriyo yapanja, kabokosi koyera kafulati kokhala ndi mawaya awiri, chifukwa kumbuyo kwa rauta kuli mabowo awiri omangirapo. Onse awiri ndi ofunika, 4G imagwiritsa ntchito ma eriyo awiri nthawi imodzi ndiye mukalumikiza waya umodzi mwataya theka la phindu. Tinaimangirira pa mtengo wa bulugamu wautali kupitirira denga, kuiyang'anitsa ku nsanja, RSRP inafika -89. Poyamba ndinalakwitsa, ndinalumikiza waya wina wowonjezera kuti rauta ikhale pa kauntala, nambala inabwereranso m'mbuyo, kani sigino imathera muwaya momwemo waya ukatalika. Ndinachotsa wowonjezerayo, rauta ndinaikhomera pakhoma m'mwamba pafupi ndi pomwe mawaya akulowera, kenako kuchoka apo kupita pa kompyuta ndinakoka chingwe cha LAN, chimenecho chitalike bwanji sichitaya kanthu m'nyumba ngati yanga. China chomwe ndinachita ndi kuikhoma pa 4G only mu settings, chifukwa ikakhala pa auto inkathawira ku 3G yokha n'kukakamira komweko mpaka uizimitse.

Tsopano zoipa zake. Adaputa yomwe inabwera nayo inapsa mwezi wachisanu ndi chimodzi, magetsi anazima n'kubwera mwamphamvu, m'mawa ndinapeza yafufuma. Mwayi wake rautayi imadya 12V basi ndiye ndinaikokera chingwe kuchokera pa kontirola ya sola, mpaka pano ili pomwepo, magetsi azime asazime iyo ikuyaka, ndipo imadya moto wochepa kwambiri kuposa babu lakale lija. Mu Okutobala kutentha kuja inayamba kuzima yokha masana cha m'ma 1 koloko, kuigwira ngati mbatata yootcha, chifukwa ndinaiika pafupi kwambiri ndi malata, nditaitsitsa pang'ono n'kusiya mpata kumbuyo kwake inasiya khalidwe limenelo. Poika SIM ndi pa saizi yaikulu yakale ija ndiye pamafunika kachimango, ndipo ukamasinthasintha kamamasuka, pano ndinatsinira kapepala kuti igwire. Wi-Fi yake ndi ya 2.4 GHz yokha, kushopu ndi pabalaza imafika, kuchipinda chakumapeto imavuta.

Mvula itayamba mu Disembala liwiro linatsika mwadzidzidzi, manambala akungovinavina. Ndinakwera makwerero kukaona, ndinapeza pomwe waya amalowa mu eriyo madzi alowa, kachitsulo kachita dzimbiri lobiriwira. Ndinapukuta ndi kabulashi ka mano ndi spirit, ndinaumitsa, ndinakulunga tepi yakuda kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti madzi azitsetsereka, zinabwerera. Komabe nyengo ino siifanana ndi ya chilimwe, mitengo ya pakati pa ine ndi nsanja yadzaza masamba ndipo akanyowa amadya sigino, nambala yanga masiku amvula imakhala cha m'ma -94. Kukayamba ziphaliwali ndimamasula mawaya onse awiri, mtengo wautali wokhala ndi waya wolowa m'nyumba si wosewera nawo, chonde amene mwaika eriyo musanyozere zimenezi.

Pali zina zomwe rauta singathe ngakhale muigule ya mtengo wotani. Tsiku la msika pa Thondwe anthu amadzaza, aliyense foni m'manja, ena akutumiza ndalama ena ali pa TikTok, sigino yanga imakhala ili yomwe ija yamphamvu koma intaneti imakwawa, chifukwa tonse tikutunga pa mjigo umodzi, madzi alipo koma zidebe zachuluka. Madzulo kuyambira 7 mpaka cha m'ma 9 ndi chimodzimodzi. Ntchito zikuluzikulu monga kutumiza mafomu ambiri ndimazipanga m'mamawa 5 koloko, nthawi imeneyo imauluka. Ndiye kumapeto kwa 2024 mafuta atasowa m'dziko muno, masiku ena magetsi akazima nthawi yaitali netiweki yonse inkangozimiririka, rauta ili chiyakire pa sola koma kopanda cholumikizana nacho, paja nsanja nazo zimadalira mabatire ndi jenereta ya dizilo. Apa chinandithandiza ndi chakuti rauta yanga ndi yosakhoma, imalandira SIM ina iliyonse, ndipo ndili nazo zonse ziwiri, ya TNM ndi ya Airtel. Ambiri mumandifunsa kuti yabwino ndi iti, ine yankho langa ndi lakuti yesani zonse pakhomo panu penipeni, chifukwa yomwe imathamanga pa shopu panga ndi yomwe imavuta kwa achemwali anga ku Namadzi, mtunda wake waufupi womwewu. Ma rauta ambiri omwe makampani amagulitsa okha amakhala okhoma pa SIM yawo, amatsika mtengo inde, koma tsiku lomwe netiweki yawo yagwa mumagwa nayo limodzi.

Bandulo ndiye ina nkhani. Mwezi woyamba inatha m'masiku 9 okha, ndinkaganiza kuti andibera. Nditalowa pa tsamba lija kuona omwe alumikizika ndinapeza mafoni 11, pasiwedi ndinapatsa munthu mmodzi koma inayenda mzere wonse wa mashopu, kuphatikizanso Windows pa kompyuta inkadzipangira ma update usiku. Ndinasintha pasiwedi, pa kompyuta ndinatchera metered connection kuti isamadye bandulo mwachisawawa, ana ndinawauza kuti YouTube aziika pa 360p, pano bandulo ya mwezi imafika kumapeto. Aneba omwe amafunadi timagwirizana, amasonkhako kangachepe pa mwezi ndipo ndimawalembera ndekha pasiwedi mufoni mwawo.

Wina anandifunsa ngati sikunali bwino kungogula ya 5G kuti ndikhale patsogolo. TNM inayamba kuyesa 5G mu 2023 m'malo ochepa ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo 5G yothamanga kwambiri ija m'maiko ambiri imayenda cha pa 3500 MHz, likhweru lenileni, imafuna nsanja zoyandikana, ndiye kwa ife a pa trading centre ndalama imeneyo bola kugulira eriyo ndi batire yabwino. Starlink nayo, intaneti ya pa satelaiti yomwe imakokedwa ndi mbale, inafika m'Malawi mu 2023 ndipo ndinaiganizirapo, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho zinthu zonse zochokera kunja zinakwera, kashopu ka fotokope sikangabweze ndalama ya mbale ija msanga.

Kodi ndingaigulenso? Eya, mawa lomwe, koma ndingagule limodzi ndi eriyo tsiku lomwelo m'malo movutika miyezi itatu, ndipo ndingafune yokhala ndi poika SIM pawiri kuti ndisamatokose kachimango kaja. Mtengo wa bulugamu uja chiswe chayamba kuudya m'munsi, ndakamba kale ndi owotcherera kuti andipangire paipi yachitsulo mvula ikangodula mu Epulo, ndipo ndikufuna ndiikweze mita imodzi kuposa pano kuti idutse nsonga za mitengo ija.