Gmail, Mailchimp, Brevo kapena Amazon SES: imelo ya malonda ifike bwanji kwa kasitomala?

Alamu anga ali ndi sitolo ya mayunifomu ndi makope ku Kamwala mu Lusaka, ndipo maimelo a malonda ndimawatumizira ndine. Sukulu zikamayandikira kutsegulira mu January timalembera makolo ndi aphunzitsi aakulu pafupifupi 1,000. Chaka china uthenga wathu unathera mu spam, bokosi la maimelo osafunika. Tinadziwira kwa mayi wina amene anabwera kudzafunsa mitengo yomwe tinali titawatumizira kale. Anatsegula foni pakauntala pomwepo, n'kupeza imelo yathu ili pakati pa za anthu olonjeza mphoto zabodza. Zinandipweteka, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndafufuza njira zonse zimene anzathu amagwiritsa ntchito.

Ambiri timayambira pa Gmail wamba, kuunjika maadiresi mu BCC, malo amene amabisa maadiresi a olandira ena. N'zaulere, koma malire ake ndi maimelo 500 patsiku, ndipo pa Google Workspace, Gmail yolipira ya mabizinesi, ndi 2,000. Vuto lalikulu si malirewo ayi. Imelo yotere ilibe podina kuti munthu aleke kulandira, choncho akatopa nanu amangodina spam, dzina lanu n'kuyamba kuda. Njirayi isiyeni.

Seva yanuyanu, kompyuta yotumizira maimelo, nayo sindikulimbikitsani. IP yatsopano, nambala yodziwira seva pa intaneti, ilibe mbiri, ina mumaipeza ili kale pamndandanda wa otumiza spam wa bungwe la Spamhaus chifukwa cha amene ankaigwiritsa ntchito, ndipo amene anaona kuzimazima kwa magetsi mu 2024 sangaike seva kuseri kwa sitolo.

Mpikisano weniweni uli pakati pa makampani awiri otumizira maimelo ambiri, Mailchimp ndi Brevo, yomwe mpaka 2023 inkatchedwa Sendinblue. Onse awiri amakuikirani podina posiya kulandira, amachotsa okha maadiresi akufa, ndipo amakuonetsani amene atsegula. Amasiyana powerengera ndalama. Mailchimp imawerenga anthu amene ali pamndandanda wanu, kaya mwawalembera mwezi umenewo kaya ayi. Brevo imayang'ana makamaka kuchuluka kwa maimelo amene mwatumiza, ndipo mwaulere imalola 300 patsiku. Kwa ife amene malonda amatentha katatu pachaka, teremu ikamayamba, kusiyanaku n'kwakukulu, makamaka poti malipiro ndi a ndalama zakunja ndipo kwacha ikagwa bilu imakwera yokha. Ndivomereze kuti kukonza imelo yooneka bwino kunandiphwekera pa Mailchimp, ndipo amene amalembera makasitomala sabata iliyonse angaikonde. Ife tinasankha Brevo, ndipo timagawa mndandanda masiku anayi.

Amazon SES, njira ya Amazon yotumizira maimelo, ndiye yotchipa zedi: masenti 10 a ku America pa maimelo 1,000. Koma ili ngati injini yopanda galimoto. Akaunti yatsopano imayamba ndi malire a maimelo 200 patsiku, opita kumaadiresi otsimikizidwa okha, mpaka mutapempha chilolezo. Mumafunikanso pulogalamu ina, monga Listmonk, yosungira mndandanda, ndipo maimelo obwerera akafika 5 pa 100 alionse akaunti imayamba kuunikidwa. Ngati mulibe munthu wodziwa makompyuta pafupi, musaiyambe.

Tsono nachi chimene ndinachedwa kumvetsa: palibe ngakhale imodzi mwa izi imene ingakupulumutseni ngati imelo ikuchokera ku adiresi ya Gmail yaulere. Pezani domeni yanu, dzina lobwera pambuyo pa @ mu adiresi, kaya ya .co.zm kaya ya .com, muikemo zinthu zitatu. SPF imatchula maseva ololedwa kutumiza m'dzina lanu. DKIM ndi chidindo chosonyeza kuti uthenga sunasinthidwe panjira. DMARC imauza wolandira chochita ndi imelo imene yalephera ziwirizo. Kuyambira February 2024, Google imafuna zonse zitatu kwa otumiza maimelo oposa 5,000 patsiku, Yahoo nayo inakhwimitsa nthawi yomweyo, ndipo Microsoft inatsatira mu May 2025. Ife sitifika pamenepo, koma ndinaziikabe.

Palinso nambala imene imandisowetsa tulo: Google imafuna kuti madandaulo a spam asafike 0.3 peresenti. Pamndandanda wathu amenewo ndi makolo atatu okha! N'chifukwa chake mnyamata wina atabwera ndi fulashi yodzaza maadiresi ogulitsa, alamu anamubweza. Anthu amenewo satidziwa, ndipo lamulo la Zambia loteteza zachinsinsi za anthu la 2021 limafuna kuti ukhale ndi chifukwa chovomerezeka, monga chilolezo cha mwiniwake, usanagwiritse ntchito adiresi yake. Tili ndi kope pakauntala, wofuna mitengo amalembamo yekha.

Ndisanatumize kwa onse, ndimayamba ndadzitumizira ndekha pa Gmail, n'kutsegula Show original pakompyuta. Ndikaona PASS pa SPF, DKIM ndi DMARC, ndimatumiza 300 oyamba.