Mnofu wa m'mwendo ndi wa mtima, wolimba ndi uti?

Dzulo tinakwera phiri wapansi kupita ku Chawe, pofika pa damu la Mulunguzi akatumba anali atakana kale. Paja thupi lili ndi mitundu 4 ya ma tishu, epithelial (yokuta thupi ngati pa khungu), connective (yolumikiza ziwalo), nervous (yotumiza mauthenga m'thupi) ndi muscle (mnofu), koma muscle yomweyonso si imodzi ayi.

Wa m'mwendowu umamvera iweyo, ukati tiye umapita, koma sumachedwa kutopa, ubwino wake ukang'ambika pang'ono umadzikonza wokha. Wa mtima sufunsa munthu, umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi iwe utangokhala phee, ndipo sutopa chisawawa poti ma cell ake adzaza mitochondria, tinthu topanga mphamvu mu cell. Vuto ukaonongeka ndi heart attack pamangotsala chipsera, sumeranso.

Ine voti yanga kwa mtima basi, miyendoyi mpaka pano ikuwawabe aise.