Miyezi 8 ndi Emacs ya igc: SIGSEGV yasanduka belu la pakhomo

Nditangotha masabata awiri ndikugwiritsa ntchito Emacs, pulogalamu yolembera mawu ndi code, ya nthambi yoyesera ya igc yomwe imatolera zinyalala mu memory mwa njira ina, ndinalemba mawu ochepa oyamikira. Ndinati kuimaima kwatha, zilembo zikutuluka pa sikirini chala chikangogunda, ndipo aliyense ayese. Tsopano patha miyezi 8 ndikulemberamo tsiku lililonse pa laputopu yakale ya Linux yokhala ndi RAM ya 8 GB. Mawu aja sindikuwabweza ayi, koma anali mawu a munthu wongokwatira kumene.

Kwa amene simunailawe, vuto lomwe ndinkathawa ndi ili. Emacs wamba, monga 30.1 yomwe inatuluka mu February 2025, ikafuna kutolera zinyalala mu memory (GC mwachidule), kutanthauza kuchotsa zinthu zomwe zatha ntchito, imaimitsa chilichonse. Imayendera zinthu zonse za Lisp, chilankhulo cha mapulogalamu a Emacs, zimene zikadali ndi ntchito, nkuziika chizindikiro, kenako nkusesa zotsalazo. Nthawi yosesa amaiuza ndi gc-cons-threshold, yomwe imabwera ili pa ma byte 800000 pa makina a 64-bit, pamodzi ndi gc-cons-percentage ya 0.1. Choipa chake nchakuti kuyenderako kumatalika malinga ndi kuchuluka kwa zamoyo, osati kwa zinyalala. Ine Emacs sinditseka. Imakhala masabata ili ndi mafayilo a Org ndi mapaketi monga Magit ndi Eglot, ndiye zamoyozo zimangochulukirachulukira. Ndinakwezapo threshold kufika 100 MB monga ambiri amachitira, koma uku kunali kuunjika zinyalala kuseri kwa chitseko: tsiku losesa likafika, umadikira ndithu. Kenako ndinaika paketi ya gcmh ya Andrea Corallo, yomwe imasesa ukasiya kaye kulemba. Inathandiza, komabe sinachotse muzu.

Nthambi ya igc inayambidwa ndi Gerd Möllmann mu 2024, yemwe uja anayang'anira Emacs 21, ndipo ena monga Helmut Eller, Pip Cet ndi Eli Zaretskii aikapo manja kwambiri. Iwo sanalembe chotolera zinyalala chatsopano. Anatenga Memory Pool System, MPS mwachidule, yomwe inabadwira ku Harlequin m'zaka za m'ma 1990 ndipo pano imasamalidwa ndi Ravenbrook. Pomwe ndinkayamba ine, unkayamba wamanga MPS, kenako Emacs ndi --with-mps.

Nzeru ya MPS ndi yodziwika: zinthu zambiri zimafa zili zakhanda. Mndandanda wopangidwa pojambula mzere umodzi wa pa sikirini umakhala wopanda ntchito usanaphethire nkomwe. Ndiye bwanji kuyendera mudzi wonse? Ingoyang'ana kwa ana obadwa kumene, akuluakulu uwasiye. Koma pamenepa mpamene pagona nkhani yonse. Tiyerekeze kuti pali mndandanda wakale, wa sabata yatha, ndiye pulogalamu yachita setcar nkuikamo string (kachidutswa ka mawu) yatsopano. String imeneyo palibe wina akuigwira kupatula mndandanda wakalewo. Chotolera zinyalala chikayang'ana kwa ana okha, chidzaona ngati ndi mwana wamasiye, nkuitaya ili moyo. Choncho chiyenera kudziwa paliponse pamene chinthu chakale chalembedwapo. Ameneyu ndiye amamutcha write barrier.

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba, paliponse pamene code ya C ya Emacs ikulemba pointer (adiresi yoloza chinthu china mu memory) uikepo kamzere kouza chotolera zinyalala. Java ndi Go amachita choncho chifukwa compiler ndi yawo, imaika yokha. Koma C ya Emacs yalembedwa kwa zaka makumi angapo ndi manja ambirimbiri. Pali XSETCAR, pali ASET, pali malo osawerengeka omwe munthu anangolemba molunjika mu struct. Kuiwala amodzi okha ndi tsoka lomwe limaonekera patapita maola. Njira yachiwiri ndi kubwereka mlonda wa purosesa. MPS imauza kernel, mtima wa Linux, kudzera mu mprotect kuti masamba awa a memory asalembedwe. Emacs ikayesa kulembapo, purosesa imakana, kernel imatumiza SIGSEGV (chizindikiro chakuti pulogalamu yakhudza memory yoletsedwa, chomwe kawirikawiri chimaigwetsa), MPS imailandira, imasunga kuti chigawo ichi chakhudzidwa, imatsegula tsambalo, ndipo Emacs imapitiriza ngati palibe chachitika. Si nzeru yachilendo m'banjali: Marcus Crestani anachita zofanana ndi izi ku XEmacs mu 2005. MPS imapitirira apo, chifukwa imasuntha zinthu, ndiye ili mkati motolera imatsekanso masamba ena kuti asawerengedwe nkomwe mpaka itakonza ma pointer ali m'menemo.

Zonsezi ndinaziwerenga ndisanayambe. Kuzimvetsa kwenikweni kunabwera mwezi wachitatu, usiku wina nditatsegula Emacs mkati mwa gdb, pulogalamu yofufuzira zolakwika, kuti ndione kanthu kena kosakhudzana ndi GC. Sindinafike ndi pomwe. Ndisanatsegule fayilo, gdb inaima: SIGSEGV. Mtima unagunda. Kwa ife amene tinakulira pa C, mawu amenewa ndi uthenga wa maliro. Ndinatenga backtrace, mndandanda wa momwe pulogalamu yadutsa kufika pamenepo, ndinaiyang'ana mpaka tiyi kuzizira, mzere wake unali wabwinobwino. Ndinalemba continue. Inaimanso, pena. Continue. Inaimanso. Nditabwereza kangapo m'pamene ndinaseka ndekha: palibe chafa, ndi mlonda uja akugwira ntchito yake. Mankhwala ake ndi mzere umodzi, handle SIGSEGV nostop noprint pass, ndipo pa Linux uchite chimodzimodzi ndi SIGXFSZ ndi SIGXCPU, zomwe MPS imagwiritsa ntchito poimitsa ndi kudzutsa ma thread. Koma taonani mtengo wake. Ukauza gdb kuti isamaime pa SIGSEGV, siimanso pomwepo ngakhale SIGSEGV yeniyeni itabwera. Belu la alendo ndi kulira kwa maliro zikumveka chimodzimodzi, ndiye umadikira kuti MPS ikane kuti iyi si yanga, Emacs igwere mu handler yake, m'pamene uyambe kufufuza chobwerera m'mbuyo.

Ngozi yachiwiri inali yanga ndekha, palibe woti ndimuloze chala. Ndili ndi kachigamba kakang'ono ka C komwe ndakhala ndikuyenda nako zaka zingapo. Kamasunga Lisp_Object, pointer yoloza chinthu cha Lisp, mu memory yotengedwa ndi xmalloc, yomwe GC siiyang'anira. Mu Emacs wamba kanalibe vuto, chifukwa chinthucho chinali chogwiridwa kwina ndipo GC yakale sisuntha zinthu za Lisp monga cons kapena vector: pomwe wachisiya mpomwe udzachipeza. MPS imakopera zamoyo kumalo atsopano nkukonza ma pointer onse amene ikuwadziwa. Yanga sinkaidziwa. Zotsatira zake, Emacs inkagwa kamodzi pa masiku angapo, malo osiyanasiyana, nthawi zina ndili chikhalire osagwira kiyibodi. Ndinataya Loweruka lathunthu ndikukayikira aliyense kupatula ine mwini. Ma pointer a pa stack alibe vuto limeneli, chifukwa MPS imayang'ana stack mosamala ndipo chilichonse chooneka ngati pointer imachikhomera pomwe chili. Koma memory ya malloc uyenera kuilembetsa kuti ndi muzu. Nditatero, kugwa kunatha tsiku lomwelo.

Pali zinthu zina ziwiri zomwe mlonda wa purosesa amabwera nazo, ndipo wolemba C ayenera kuzidziwa. Kernel siilira belu. Ukapatsa read, lamulo lowerengera fayilo, adiresi ya tsamba lotsekedwa, sulandira SIGSEGV, umangobwezeredwa yankho lakuti zalephereka, EFAULT. Mwayi wake, mawu enieni a mu buffer sakhala m'manja mwa GC, ali kwaokha mu gap buffer, ndiye kutsegula ndi kusunga mafayilo sikudutsa pamenepo. China ndi ma signal handler. Profiler ya Emacs, yoyeza komwe nthawi ikuthera, imadzuka ndi SIGPROF nkuyang'ana zinthu za Lisp. Ikadzuka pamene MPS yagwira loko wake, nkukhudza tsamba lotsekedwa, ndiye kuti MPS ikuitanidwa ili kale m'nyumba. Nkhaniyi anaikambirana kwa nthawi yaitali omwe akukonza nthambiyi, ndipo njira yake ndi yakuti handler ayambe waona ngati MPS yatanganidwa. Ine profiler ndimaigwiritsa ntchito, koma ndisanaiyatse ndimasunga mafayilo anga, chizolowezi basi.

Nanga liwiro? Apa anthu amayembekezera zambiri kuposa zilipo. Belu lililonse lili ndi mtengo: kulowa mu kernel, kutuluka, kuitananso mprotect. Ndipo mlondayu saona chinthu chimodzi, amaona tsamba lonse la ma byte 4096, kapena 16 KB pa makina a Apple Silicon. Ukasintha cons imodzi yokha, chigawo chonsecho chimayesedwa chokhudzidwa ndipo chidzayenderedwanso. MPS ili ndi kanzeru kakuti chigawo chomwe chikulembedwa kawirikawiri imachisiya chotsegula kwa kanthawi m'malo molira belu mobwerezabwereza. Pa ntchito zongothamanga, monga kuchita byte-compile mapaketi anga onse, sindinamve kuti ndapindula kanthu. Ntchito sinachepe, yangogawidwa timagawo ting'onoting'ono tobisala pakati pa zilembo. Phindu lili m'zala. Kuyenda mu fayilo yaikulu ya Org, kapena Eglot ikamalandira JSON wambiri kuchokera ku seva ndikulemba, kale zinkandipatsa kachidodo komwe kamadula ganizo pakati. Pano kachidodoko ndinakaiwala, ndipo ndimakakumbukira pokhapo ndikabwerera ku Emacs wamba pa kompyuta ya ku ntchito.

RAM yokha imadya. Chotolera chokopera chimafuna malo oti chikopereko, ndipo pa laputopu yanga Emacs ya igc imakhala yonenepa kuposa inzake, makamaka ikatha masiku ili yotsegula. Ndi Firefox pambali, 8 GB imathina. Ngati makina anu ali ndi 4 GB, ganizani kawiri. Kumbali ina, init.el yanga, fayilo yokonzera Emacs, yachepa: gcmh ndinachotsa, mizere yonse yoseweretsa gc-cons-threshold poyambira ndinafufuta, chifukwa kuno ilibe ntchito. Ndikafuna kuona zomwe zikuchitika m'kati ndimatsegula igc-stats, ngakhale kunena zoona pano ndimatero mwa apo ndi apo.

Ndiye ndani ayese? Amene amangolemba Lisp ndi mawu, ndipo sachita mantha kumanga pulogalamu yekha, adzasangalala, bola akumbukire kuti iyi ndi nthambi yoyesera yomangidwa pa Emacs yomwe ikadali m'manja mwa amisiri. Ndaphunzira kusakoka zatsopano mkati mwa sabata: ndikapeza commit, mtundu wa code wa nthawiyo, yomwe yakhala nane masiku khumi osagwa, ndimakhala pomwepo mpaka ntchito itapepuka. Amene ali ndi zigamba zake za C, ayambe wafufuza paliponse pomwe anabisa Lisp_Object asanamange. Emacs 30 ikadalipo pa laputopu yanga, pa dzina lina, ndipo miyezi 8 yonseyi ndaitsegula pa zifukwa ziwiri zokha: kutsimikiza ngati vuto ndi la igc kapena ndi langa, ndi tsiku lina lomwe ndinali ndi lipoti loyenera kupita isanakwane 5 koloko madzulo.