Filimu ndi yabwino, koma womasulira waiwononga

Shopu ija yoika mafilimu pa fulashi pafupi ndi depoti ku Mchinji boma mukuidziwa, ndipo mtengo wakwera ngati zinthu zina zonse. Pamenepo ndilibe mawu. Chandiwawa ndi zomwe anaichita I Am Not a Witch, filimu ya Rungano Nyoni ya mu 2017, yojambulidwa ku Zambia.

Anandiikira yomasuliridwa osandifunsa, chonsecho mbali ina anthu akuyankhula Chinyanja chomwe timachimva tikangowoloka pa Mwami. Mayi wagwa ndi ndowa ya madzi, kucheuka waona kamtsikana, Shula, kangoima phee. Basi, yapezeka mfiti. Kupolisi bambo wina akulumbira kuti mwanayo anamudula mkono, pomwe mikono yonse iwiri ili pomwepo. Mwana osayankha, maso ali pansi. Apa ndi pomwe womasulira akuseka chikhakhali, akuti "kamfiti aka nkoopsa". Pomwe akumumangirira kansalu koyera kakatali kumsana, nkumuopseza kuti akakadula asanduka mbuzi, womasulira ali kalikiliki ndi nthabwala. Ana anga anayamba kuseka naye limodzi. Apongozi anga anadzuka nkutuluka panja. Kumudzi kwawo kuli gogo wina amene anthu anasiya kumupatsa moni, ngakhale pamjigo amatunga yekha, chifukwa cha bodza lomweli. Kutchula munthu mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la mu 1911, koma wina akuphunzitsa ana kuti nzoseketsa!

Nditabwerera kukadandaula, mnyamata wa pakompyuta uja sanadzutse nkomwe mutu pafoni. Akuti, "Ndi zomwe anthu amakonda, amayi." Mwano wake ndi wakale, ndipo ndi amene amandigwetsa ulesi pashopupo.

Koma eni ake, bambo achikulire aja, anandimvetsera mpaka kumapeto. Anapepesa, nkundiikira ina yopanda womasulira osandilipiritsanso. Zithunzi zowala bwino, mawu omveka, fulashi yanga sinabwere ndi vairasi. Tinaionanso usiku womwewo, apongozi anakhala mpaka kutha, ana ali zii, kenaka wamkulu anafunsa chifukwa chake panalibe ndi mmodzi yemwe womuikira kumbuyo Shula.

Ndikupereka nyenyezi zitatu, zonse chifukwa cha eni shopu. Mukapita, nenani msanga kuti mukufuna yosamasulira, ndipo yankhulani ndi bambowo, osati mnyamata uja.