WireGuard kuseri kwa rauta ya 4G: mmene yayendera pa miyezi 8

Seva yomwe tikukambayi ndi kakompyuta kakang'ono ka Ubuntu Server kosunga mafayilo ndi mabuku a ndalama a ofesi ina ku Area 3 mu Lilongwe. Ogwira ntchito amafuna kuilowa ali ku Kanengo, ku Mchinji kapena kunyumba, n'chifukwa chake inaikidwa WireGuard, pulogalamu ya VPN yomwe imapanga njira yobisika (tunnel) pakati pa makina kudzera pa intaneti. Intaneti ya muofesimo imachokera pa rauta ya 4G yoikamo SIM. Sevayi yagwira ntchito kuyambira m'dzinja mpaka m'chilimwe muno, ndipo pa miyezi 8 yonseyi WireGuard payokha sinavutepo. Nthawi zonse pamene tunnel inaduka, gwero lake linali rauta, magetsi, wotchi kapena kukula kwa mapaketi.

Vuto loyamba ndi lomwe limadyera anthu masiku ambiri. Malangizo ofala amati tsegulani port 51820 ya UDP pa rauta, muilozetse ku seva, basi. Izi zinachitidwa molondola, koma lamulo la wg show silinkaonetsa mzere wa latest handshake, wosonyeza nthawi yomwe foni ndi seva zinalonjerana komaliza, ndipo pa foni chiwerengero cha zotumiza chinkakwera pamene cha zolandira chili pa 0. Musathamangire kusintha makiyi zikatero. Pa seva lembani tcpdump -ni any udp port 51820, kenako yesani kulowa ndi foni ya pa bandulo, Wi-Fi ya muofesi itazimitsidwa, chifukwa marauta ambiri salola kulowa pa adiresi yawo yakunja muli m'kati momwemo. Foni imatumiza paketi ya mabaiti 148 pa masekondi 5 aliwonse. Mukaiona ikufika koma osayankhidwa, vuto ndi makiyi kapena firewall ya seva. WireGuard siyankha konse mlendo amene kiyi yake siyikuidziwa, ndiye simudzaona uthenga wokuuzani kuti mwalakwitsa. Koma tcpdump ikangokhala duu, paketiyo ikufera panjira.

Apa lowani mu rauta muone adiresi ya WAN, muiyerekeze ndi yomwe curl ifconfig.me ikupereka. Zikasiyana, pali NAT ina (njira yobisira makina ambiri kuseri kwa adiresi imodzi) kutsogolo kwanu. Adiresi ya pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, kapena yoyamba ndi 10 pa rauta ya SIM, imasonyeza kuti kampani ya intaneti yakuikani pa CGNAT, pomwe makasitomala ambiri amagawana adiresi imodzi yakunja. Port yomwe mwatsegula ili ngati chitseko cha kuchipinda, geti la mpanda lili lokiya ndipo kiyi ili ndi eni mpanda. Ma SIM wamba a 4G amayenda chonchi, ndipo Starlink, yomwe inafika m'dziko muno mu 2023, nayonso imagwiritsa ntchito CGNAT pa mapulani ake wamba. DDNS, yomwe imapatsa dzina lokhazikika ku adiresi yosinthasintha, sithandiza kanthu pamenepa. Imangopatsa dzina adiresi yomwe si yanu.

Chomwe chinathetsa nkhaniyi ndi kutembenuza njira: seva ya muofesi ndiyo iziimba kunja, osadikira kuimbiridwa. Pamafunika VPS (seva yochita lendi ya pa intaneti) yaing'ono kwambiri yokhala ndi adiresi yokhazikika, ndipo ya ku Johannesburg ili pafupi kuposa ya ku London. VPS inapatsidwa 10.8.0.1, seva ya muofesi 10.8.0.2, malaputopu ndi mafoni kuyambira 10.8.0.10. Mu wg0.conf (fayilo ya makonzedwe a WireGuard) ya muofesi muli Endpoint yoloza ku VPS pa 51820, AllowedIPs = 10.8.0.0/24 ndi PersistentKeepalive = 25. Mu ya VPS, pa gawo la seva ya muofesi, musalembe Endpoint, imaiphunzira yokha pa paketi iliyonse yofika, ndiye adiresi ya SIM isinthe kangati patsiku palibe chosokonekera. Pa VPS pomwepo ikani net.ipv4.ip_forward=1 mu fayilo ya mu /etc/sysctl.d kuti isafufutike makina akayambanso, ndipo ngati pali ufw (firewall ya Ubuntu) onjezani ufw route allow in on wg0 out on wg0. Mukaiwala mzere umenewu, aliyense amatha kuchita ping ku VPS koma osafikirana.

Mzere wa PersistentKeepalive, womwe umatumiza kapaketi pa masekondi 25 aliwonse tunnel ikakhala chete, si wokongoletsa. NAT imaiwala njira ya UDP ikakhala chete kwa kanthawi, ndiye popanda mzerewu tunnel imayenda bwino m'mawa, pofika nthawi ya nkhomaliro wa ku Kanengo akulephera kulowa mpaka wina muofesi atatumiza kanthu. Ena amaopa kuti udya bandulo. Paketi yake ndi ya mabaiti 60 okha, ndipo mukaphatikiza ndi handshake yomwe imabwerezedwa pa mphindi 2 zilizonse, pamwezi sizifika 20 MB.

Njirayi ili ndi zofooka ziwiri. Zonse zimadzera ku Johannesburg ngakhale nonse muli mu Lilongwe momuno, choncho kutsegula fayilo yaikulu kumachedwerako. Chachiwiri, mapaketi amamasulidwa pa VPS asanamangidwenso, kotero mabuku a ndalama azidutsa pa SSH, HTTPS kapena SMB yobisa, osadalira tunnel yokha.

Vuto la MTU, malire a kukula kwa paketi, linatenga nthawi kuti lidziwike chifukwa limanamiza. Ping ikuyenda, SSH ikulowa, koma mukakopera fayilo imaima panjira, kapena mndandanda wautali wa mafayilo umangouma pakati. wg-quick, pulogalamu yoyatsira tunnel, imaika 1420 poganiza kuti njira yonse imanyamula 1500, zomwe sizichitika nthawi zonse pa 4G, ndipo pa PPPoE malire ndi 1492. Yezani kunja kwa tunnel ndi ping -M do -s 1472 ku adiresi ya VPS, muzitsitsa nambalayo mpaka iyankhe. Pa yomwe yadutsa onjezani 28, muchotse 60 ngati ndi IPv4. Mwachitsanzo ikadutsa 1372, MTU yanu ndi 1340. Popeza malaputopu amalowera pa manetiweki osiyanasiyana, MTU = 1280 inaikidwa paliponse, ndipo chiikireni palibe fayilo yomwe yaimanso.

Mavuto otsalawo ndi a magetsi. Akabwera, seva imadzuka msanga kuposa rauta, ndipo ngati Endpoint yalembedwa ndi dzina, wg-quick imatha kulephera kulimasulira n'kusiyira pomwepo. Imamasulira dzina kamodzi kokha, poyamba. Lembani manambala a adiresi ya VPS, poti sasintha. Onetsetsani kuti systemctl enable wg-quick@wg0 inachitidwa, ndiponso kuti mu BIOS mwasankha kuti makina aziyaka okha magetsi akabwera. Rauta ipatseni ka UPS kakang'ono ka DC, koma werengani kaye pa chaja yake, zambiri ndi za 12V koma si zonse.

Wotchi ndiyo yobisika kuposa zonse. Handshake iliyonse imanyamula nthawi, ndipo VPS imakana iliyonse yokhala ndi nthawi yakale kuposa yomwe inalandira komaliza, pofuna kutchinga obwereza mapaketi akale. Batire ya CR2032 ya pa bolodi ikatha, makina amadzuka ndi tsiku lolakwika. Raspberry Pi 4 ilibiretu wotchi ya batire. Nthawi zambiri NTP, yomwe imatenga nthawi yolondola pa intaneti, imakonza zimenezi intaneti ikangobwera, pokhapokha mutalemba AllowedIPs = 0.0.0.0/0 pa seva ya muofesi, chifukwa pamenepo NTP imadikira tunnel, tunnel ikudikira wotchi. Wotchi ikalumphira kutsogolo ndiye zimanyanya: ngakhale itakonzedwa, VPS imakanabe mpaka mutalemba systemctl restart wg-quick@wg0 pa VPS pomwepo. Onani timedatectl musanakhudze china chilichonse.

Ofuna kufikira printa kapena makompyuta ena a muofesi asamale manambala. Marauta ndi ma MiFi ambiri a Huawei amabwera ndi 192.168.8.1, ndiye wogwira ntchito wa MiFi yotere kunyumba akafuna 192.168.8.20 ya kuofesi, laputopu imaifufuza m'nyumba mwake momwemo. Ofesi inasamutsidwira pa 192.168.73.0/24, n'kulembedwa mu AllowedIPs ya VPS ndi ya malaputopu. Seva ya muofesi nayo ifunika ip_forward ndi lamulo la MASQUERADE (NAT ya pa sevayo), ndipo dzina la kadi ya netiweki mulitenge pa ip route, chifukwa pa makina ambiri si eth0, ndi dzina longa enp3s0.

Amene rauta yawo ili ndi adiresi yakunja yeniyeni safunika VPS. Tsegulani UDP, osati TCP, mumange adiresi ya seva mu DHCP kuti isasunthe, ndipo ngati pali marauta awiri otsatizana mutsegule pa onse kapena woyambayo akhale pa bridge. Kwa enafe cholemetsa n'chakuti VPS imalipiridwa m'madola mwezi ndi mwezi, ndipo kadi ikakanidwa ofesi yonse yatsekeredwa kunja. Funsani kampani yanu ya intaneti mtengo wa adiresi yokhazikika pa akaunti ya bizinesi, muuyerekeze ndi wa VPS pa chaka chathunthu, poti imeneyo mulipira m'makwacha.